Phunziro Limene Ndinakana Kufufuta

Ana anga, mwakhala mukundinena kuti chipumireni pa ntchito ndasanduka wailesi, nkhani zake zomwezomwezo za sukulu. Chabwino, ndavomera. Ndiye ndati ndizilembe kamodzi, wofuna aziwerenga yekha, wosafuna andisiye ndizilima mtedza wanga. Za ubwana wanga sindilembapo. Ndinabadwa, ndinaweta ng'ombe, ndinayamba sukulu mochedwa ngati anzanga onse. Ndiyambira pamene ndinagwira choko.

Chaka choyamba pa ntchito, kudera la Sinda

Ananditumiza pa kasukulu ka kumudzi, maola atatu pa njinga kuchokera pamsewu waukulu. Nthawi imeneyo Sinda sinali boma palokha, inali malo ogulitsirapo thonje ndi kudikirirapo basi. Ahedi anali a Njobvu, bambo wamfupi, waukhondo, wosakweza mawu, koma akakuyang'ana pamwamba pa magalasi umayamba kukumbukira machimo ako onse. Choko chinkatha pakati pa temu, ndiye tinkalembera chinangwa chouma, chimene chinkakanda bolodi mpaka mano kuchita dzanzi. Buku lowerenga linkazungulira benchi yonse. Koma ndinali mnyamata, mawu ndinali nawo, ndipo ndinkaona ngati ndine mphunzitsi woyamba kubadwa m'dziko muno.

Temu yachiwiri kunabwera uthenga kuti Lachinayi kufika a insipekitala, oyendera sukulu. A Njobvu anandiitana mu ofesi.

"A Mbewe, Lachinayi mudzaphunzitsa chiyani?"

"Mitsinje ya m'dziko lathu, bwana. Ndi pamene tafika."

"Anawa anaiphunzira kale?"

"Ayi, ndidzayamba tsiku lomwelo."

Anavula magalasi. "Pamaso pa a insipekitala sitiphunzitsa chinthu chatsopano. Muyambe mawa, mubwereze mkucha, pofika Lachinayi azichita kuimba. Ndipo aja okhala kumbuyo aja, Tobiyasi ndi anzake, tsiku limenelo akathirire kudimba la sukulu."

Ndinachita zomwezo. Lachinayi manja anali m'mwamba kalasi yonse, a insipekitala analemba zabwino zokhazokha, ine ndinabwerera kunyumba ndikuimba mluzu. M'mawa mwake Tobiyasi anandipeza pakhomo la kalasi n'kundifunsa kuti, "Aphunzitsi, ife dzulo tinalakwa chiyani?" Ndinangomuuza kuti alowe akhale pansi. Sindikuwanena a Njobvu ayi. Anandiphunzitsa kusunga nthawi, kukonzekera phunziro, ndi kulankhula ndi makolo mwaulemu. Koma mwambo wathu aphunzitsi unali umenewo, paliponse: mphunzitsi saoneka akulephera, ndipo mlendo amamuonetsa phunziro lophika kale. Ine ndinautsatira zaka khumi ndi zitatu popanda kudzifunsa kawiri.

Chaka cha 14 mpaka cha 26, Katete

Anandichotsa m'kalasi n'kundiika pamalo othandizira aphunzitsi, ku Katete. Ntchito yanga inali kukonza misonkhano yoti aphunzitsi aziphunzitsana, ndi kusunga mbiri ya zimene aliyense waphunzira chitulukireni kukoleji. Mbiri yake inali mapepala. Munthu akapita ku wekishopu amalandira satifiketi, satifiketi amaiika mu pulasitiki, pulasitiki mu sutikesi, sutikesi pansi pa bedi. Kumeneko ndinaona zinthu ziwiri zimene zinkandisowetsa mtendere. Choyamba, bambo wina wachikulire anabwera ndi pulasitiki yodzaza fumbi la mapepala. Chiswe chinalowa mu sutikesi nthawi ya dzinja n'kudya maphunziro ake a zaka makumi awiri, n'kungomusiyira zidindo. Analira ngati pamaliro. Chachiwiri, amene anali ndi masatifiketi ambiri ndinkawadziwa bwino. Ena mwa iwo ndi aja ankafika pa wekishopu nthawi ya tiyi, kuwodzera masana onse, n'kudzidzimuka pa nthawi yosaina. Pepala limangonena kuti munthu analipo, silinena kuti anaphunzira kanthu.

Bwana wanga kumeneko anali Mayi Zulu, munthu wa mawu ochepa ndi ntchito zambiri. Makompyuta atafika, ine ndinkawazungulira patali. Ndinali nditadutsa zaka makumi anayi, ndipo ndinkauza aliyense kuti zimenezo ndi za ana. Tsiku lina Mayi Zulu anatseka chitseko cha ofesi, kukoka mpando, n'kunena kuti, "A Mbewe, inu mumayendayenda m'masukulu kuuza anzanu kuti mphunzitsi samaliza kuphunzira. Mumanena za anthu ena eti? Khalani apa." Ndinakhala. Mwezi wathunthu ndinkalemba ndi chala chimodzi, thukuta kamukamu, kalata ya mizere isanu kunditengera m'mawa wonse. Kawiri konse ndinafufuta ntchito ya sabata yathunthu. Koma ndinaphunzira, ndipo ndikunena mosabisa kuti pofika chaka chotsatira panalibe wondiposa mu ofesi ija, Mayi Zuluwo kuphatikizapo. Iwo amatsutsa mpaka lero, koma nkhaniyi ndikulemba ndine.

Chaka cha 27, kudera la Vubwi

Atandiuza kuti ndipite ku Vubwi, amayi anu sanandilankhule masiku awiri. Anali atazolowera msika wa Katete ndi kwaya yawo ya kutchalitchi. Ine ndinavomera chifukwa kunali ntchito yatsopano imene inandikoka mtima. Bungwe lina linapereka laputopu, sola ndi mafoni angapo, kuti aphunzitsi a m'dera limodzi la kumalire ndi Malawi ayambe kusunga chimene ankachitcha potifoliyo. Potifoliyo ndi malo a munthu payekha pa intaneti, pomwe amasungapo umboni wa zimene akuphunzira moyo wake wonse. Amaikapo zithunzi za masatifiketi, inde, koma makamaka mavidiyo a maphunziro ake, zithunzi za makope a ana, ndi mawu ake ojambula ofotokoza chimene chayenda, chimene chakanika, ndi chimene akufuna kuphunzira. Chiswe sichifikako, ndipo munthu akasamuka imamutsatira. Aphunzitsi analephera kuitchula, anangoipatsa dzina loti chikwama.

Anandipatsa kachipinda pa sukulu yaikulu ya deralo, imene ahedi ake anali a Daka. Iwo ndiwo ankayang'anira masukulu onse ang'onoang'ono ozungulira, ndipo pa ntchito anali bwana wanga. Anali munthu wamtali, wodziwa ntchito, wokonda kuti zinthu zizioneka bwino. Mavuto a kumeneko anali ake. Foni ukaitsegula m'mawa imakulonjera kuti takulandirani ku Malawi, chonsecho uli pakhonde pako. Netiweki yathu timakaipeza pa kaphiri ka kuseri kwa msika, pansi pa mtengo wa msuku, ndiye chilichonse chotumiza ndinkakwera nacho kumeneko laputopu ili kumsana. Mvula ikayamba, mthuthuthu wanga unkathera nthawi yambiri ukukankhidwa kuposa kukwerwa.

Mavidiyo oyamba atabwera ndinaseka mpaka misozi. Kalasi iliyonse inali yosesa bwino, mwana aliyense ali ndi yunifolomu, mabenchi odzaza bwinobwino. Benchi ina yothyoka mwendo ndinaizindikira m'makalasi atatu osiyana. Mu vidiyo ina mphunzitsi anangoti, "Ana inu, ndani angandiuze dzina la...", kalasi yonse n'kuyankha funso lisanathe. Nditamaliza kuseka ndinachita manyazi, chifukwa amene ndinkamuona pamenepo anali ine ndemwe wa ku Sinda. Foni anaisandutsa insipekitala. Ndinalankhula pamisonkhano mpaka kusasa mawu kuti chikwamachi ndi chanu, si cha alendo, muziikamo ndi zokanika zomwe kuti tizithandizana. Ankagwedeza mitu, "Zoona a Mbewe, zoona," mwezi wotsatira n'kunditumiziranso benchi yomwe ija.

Panali munthu mmodzi yekha wosiyana. Mayi Esinati Sakala ankaphunzitsa pa sukulu ya zipinda ziwiri imene makolo anamanga okha, kutsidya kwa mtsinje wopanda mlatho. Kukoleji sanapiteko. Anamaliza sekondale kalekale, masamu osakhoza bwino, ndipo mudzi unawapempha kuti agwirizire ana podikira mphunzitsi weniweni. Kugwirizirako kunatha zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Pa zaka zonsezo palibe insipekitala anawolokapo mtsinje uja, ndiye panalibe wowaphunzitsa kuphika phunziro. Nditawabwereka foni n'kuwauza kuti azijambula akamaphunzitsa, anaiimika pazenera, kuitchinjiriza ndi theka la njerwa, n'kuiwala kuti ilipo. M'mavidiyo awo ana amakhala pansi, nkhuku imalowa n'kutuluka, wina amagona, wina amalira, ndipo ana amaphunzira.

Chaka cha 29, nyengo yokolola

Chaka chimenecho kunabwera nkhani ziwiri pamodzi. Yoyamba inali yoti sukulu ya Mayi Sakala ilandira aphunzitsi a mapepala, ndipo wopanda mapepala adzayenera kusiya kalasi. Yachiwiri inali yoti koleji ina ya aphunzitsi itenga anthu ochepa ngati iwowo, oti aziphunzira nthawi ya tchuthi ali pa ntchito, ndipo posankha idzayang'ana potifoliyo. Panali malire a zaka zakubadwa, ndipo Mayi Sakala chaka chotsatira akanakhala atawadutsa. Ndiye nkhani inali yoonekeratu. Akatengedwa, akhala mphunzitsi mpaka kukalamba. Akasiyidwa, abweza choko n'kubwerera kumunda, mwayi wina kulibe.

Mu chikwama chawo munali mavidiyo atatu a masamu a Giredi 5, otsatizana. Mu yoyamba akuphunzitsa kuphatikiza mafulakishoni. Akulemba pa bolodi 1/2 + 1/3, akuphatikiza manambala apamwamba paokha, apansi paokha, n'kupeza 2/5. Ndi kulakwa, ndipo akulakwa molimba mtima, ana akukopera. Kenaka kamtsikana kena kakukweza dzanja. "Madamu, poyamba tinali ndi theka. Taonjezerapo china. Nanga chachepa bwanji kuposa theka lija?" Mayi Sakala akuyang'ana bolodi nthawi yaitali, kalasi ili zii. Kenaka akutembenuka n'kunena kuti, "Ana inu, mnzanuyu wafunsa zoona. Ine pano sindikudziwa. Musakopere, ndikafunse kaye." Vidiyo yachiwiri anaijambula Loweruka, atayenda wapansi kukapeza mphunzitsi wa masamu wa kusekondale kunyumba kwake. Akhala pa mphasa kope lili pamiyendo, akufunsa, akulakwa, akufunsanso. Mu yachitatu abwerera m'kalasi ndi nzimbe ziwiri zofanana, iliyonse yolembedwa magawo asanu ndi limodzi. Pa ina akudula theka, magawo atatu, pa ina akudula magawo awiri, ana akuwerenga okha n'kupeza 5/6. Pamapeto pali mawu awo ojambula, akuti, "Ndakhala ndikuphunzitsa molakwa chinthu ichi zaka zambiri. Zikundiwawa. Ndapempha ana a Giredi 6 ndi 7 abwere Lachisanu tidzakonze."

Ndinkaona kuti pa zonse zimene ndinasonkhanitsa moyo wanga wa ntchito, panalibe umboni wina woposa uwu woti munthu akuphunzira. Ndinapita nazo kwa a Daka monyadira, chifukwa koleji inkafuna kalata ya umboni yochokera kwa mmodzi wa oyang'anira, iwo kapena ine, ndipo ya ahedi inali yolemera kuposa yanga. Ndinawafotokozera zimene zili m'mavidiyo atatuwo, koma anaonera yoyamba yokha mpaka pa 2/5, n'kutseka laputopu.

"Iyi ichoke. Yachiwirinso ichoke. Musiye ya nzimbe yokha."

"Bwana, ya nzimbeyo payokha ilibe mutu. Chimene chikuonetsa kuti mayiwa amaphunzira ndi ziwiri zoyambazo."

"Chimene chikuonetsa ndi choti m'dera langa muli mphunzitsi wosadziwa kuphatikiza theka."

Ine mtima wanga mumaudziwa, sutenga nthawi kuwira. Ndinawauza kuti akuopa manyazi awo, osati tsogolo la mayiwo. Ndinkayembekeza kuti akalipa, koma anandiyankha mofatsa, ndipo mawu awo ndi amene anandilasa.

"A Mbewe, manyazi anga asiyeni. Amene akasankhe kukolejiko ndi anthu ngati inu ndi ine, anakulira mwambo womwewu. Adzakhala ndi zikwama mulu, otopa, njala ikuwawa. Akadzaona 2/5 adzatseka ngati mmene ndatsekera inemu, ya nzimbeyo sadzaifika n'komwe. Inu mwatsala zaka zochepa mupume, penshoni yanu ili poyera. Mukufuna kutsimikiza mfundo yanu ndi moyo wa munthu wina. Ine dzina langa sindiikapo."

Ndinatuluka ndikudziwa kuti zimene ananenazo zikanatheka ndithu. Madzulo ake ndinakonza mafoda awiri. Ina yoyera, ya nzimbe yokha ndi maphunziro ena osalala. Ina yonse mmene inalili. Masiku atatu ndinkangoziyang'ana. Tsiku lachinayi ndinazindikira kuti ndikukangana ndi a Daka pa katundu wa mwini, mwiniwake asakudziwa. Ndinaliza mthuthuthu kupita kutsidya.

Ndinawapeza Mayi Sakala masana pakhomo pawo akuthothola mtedza. Anandipatsa mpando, iwo n'kukhala pansi chapatali. Ndinawafotokozera zonse, za a Daka ndi zanga, osakometsera mbali yanga.

"Inu ndi ahedi ndinu akuluakulu," anatero. "Chimene mwaona ndi chomwecho."

"Vuto lake ndi loti taona zosiyana, mayi. Ndipo chikwamachi ndi chanu."

"Nanga inuyo, bambo, mwaona chiyani?"

"Ndaona mphunzitsi amene mwana atamugwira kulakwa sanamukalipire, anapita kukaphunzira. Ndayenda m'masukulu zaka pafupifupi makumi atatu, oterowo sakwana zala za dzanja limodzi. Koma sindikunamizeni. A kukoleji akhoza kukukanani chifukwa cha vidiyo yomweyo."

Anapitiriza kuthothola mtedza. Kenaka anati, "Mukachotsa ziwirizo, akanditenga adzayesa kuti masamu ndimawadziwa. Ndikakafika kumeneko ndidzayambanso kubisa. Ndatopa nako kubisa." Anakankhira mtedza pambali. "Koma ndikuopa, bambo. Pa kalata padzakhala dzina lanu, koma mu vidiyomo nkhope ndi yanga. Ana anga akudya chokochi. Mukaona kuti n'koyenera, tumizani. Ine sindingathe kusankha."

Ndinabwerera katundu ali pamutu panga, wolemera kuposa mmene ndinapitira. Tsiku lomaliza kutumiza linagwa mu Ogasiti, sabata imene magalimoto onse anali odzaza anthu opita ku mwambo wa Kulamba ku Mkaika, ndipo pamsika panali patapepuka. Ndinakwera kaphiri kaja m'mawa, mphepo ikuwomba fumbi, n'kukhala pansi pa msuku. Kalata ya umboni ndinalemba ndekha. Ndinalembamo kuti ndikupempha aonere mavidiyo atatuwo motsatizana mpaka kumapeto, ndipo ngati aona kuti kuwatumiza kunali kulakwa, wolakwa ndine Mbewe, osati mayiwa. Ndinatsegula foda yoyera ija, n'kuiyang'ana. Inali yokongola, ndipo palibe akanandidzudzula nayo. Koma munalibe Mayi Sakala mmenemo, munali mphunzitsi wina wongopeka, wofanana ndi ena onse. Ndinaitseka, n'kutumiza yonse. Netiweki inkadukaduka, ndiye zinatenga mpaka dzuwa kupendeka, batire itatsala pang'ono kutha.

Miyezi yotsatira inali yowawa. A Daka ankandipatsa moni wa pakamwa pokha. Aphunzitsi ena anamva, ndipo nkhani inayenda yoti a Mbewe amuyalutsa mayi wa kutsidya kuti iwo atchuke kwa mabwana. Amayi anu anandifunsa tsiku lina kuti, "Kodi mukudwala? Mbale ikubwerera momwe yapitira." Nditawafotokozera anati, "Inu ndi kuuma mutu kwanuko. Koma mukanafufuta, bwenzi mukutiyimbira nyimbo yomweyo mpaka kumanda." Mayi Sakala ndikakumana nawo sankafunsa kanthu. Ankangondilonjera mwaulemu monga kale, ndipo ulemu umenewo unkandipweteka kuposa kunyoza.

Chaka cha 30, mvula itayamba

Yankho linafika Lachitatu m'mawa, ndili pa kaphiri kutumiza zinthu zina. Unali mndandanda wa maina. Ndinawerenga kuchokera pamwamba, ndipo poyamba dzina lawo ndinalidumpha, chifukwa analemba Esinati kumapeto, Sakala kutsogolo. Nditabwereza ndinaliona. Ndisaname, mwa aja anatumiza maphunziro ophika kale ena anatengedwanso, ena anasiyidwa, ndiye sindinganene kuti dziko linasintha tsiku limenelo. Koma nditatsegula chikwama cha Mayi Sakala ndinapeza kuti wosankhayo anasiya ndemanga pansi pa vidiyo iliyonse, chizindikiro choti anaonera zonse. Pansi pa yoyamba ija, ya 2/5, analemba mzere umodzi: mwana anafunsa bwino, mphunzitsi anayankha zoona.

Ndinatsika kaphiri mothamanga ngati si ine wa maondo owawa. Mthuthuthu wanga unali utafa sabata imeneyo. Ndinalowa mu ofesi ya a Daka osagogoda, n'kuwaikira laputopu patsogolo. Anawerenga mndandanda, anawerenganso ndemanga. Kenaka anati, "Mwachita mwayi, a Mbewe. Mwapeza wosankha amene anali atadya." Anatsegula kabati n'kutulutsa makiyi. "Tengani mthuthuthu wanga. Mayiwa asamvere kwa anthu a pamsika."

Mtsinje unali utadzaza mpaka m'chiuno. Ndinasiya mthuthuthu kwa anthu a tsidya lino, ndinavula nsapato, laputopu pamutu, n'kuwoloka. Ana anga, ndagwira ntchito zaka makumi atatu ndi zitatu, ndalandira masatifiketi odzaza sutikesi, ndagwirana chanza ndi mabwana ochokera ku Lusaka. Koma mukandifunsa tsiku limene ndinadzimva kuti ndine munthu, ndi limenelo, ndili pakati pa madzi buluku litanyowa. Ndinanyada, ndipo ndimanyadabe.

Ndinafika pa sukulu phunziro lili mkati. Sindinafune kuwadula, ndiye ndinaima kuseri kwa zenera mpaka ana atatuluka. Mayi Sakala atandiona ndili chinyowere, nkhope yawo inagwa. Anaganiza kuti munthu sangawoloke madzi otere ndi nkhani yabwino, akanangodikira kuti aphwe. Anaika choko pa tebulo pang'onopang'ono.

"Nenani, bambo. Ndakonzeka."

"Akutengani, mayi."

Ndinatsegula laputopu pa tebulo lawo n'kuwaonetsa dzina. Analiwerenga akulilondola ndi chala, kawiri.

"Kapena sanaonere zonse?"

"Anaonera zonse."

"Ndi paja ndinalakwitsa pa bolodi?"

"Ndi pomwepo. Onani zimene alemba pansi pake."

Anawerenga mzere uja, n'kukhala pansi pomwe pamakhala ana, chifukwa mpando munali umodzi ndipo anali atandipatsa ine. Misozi inkangotsika, osalira mokweza. Patapita nthawi anati, "Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, bambo. M'mawa uliwonse ndimalowa muno ndi mantha kuti tsiku lina akuluakulu adzadziwa kuti pali zambiri zimene sindidziwa, andichotse. Lero adziwa. Ndiye akuti bwerani."

Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, n'kundifunsa ngati kukolejiko amalola munthu kufunsa mafunso ambiri. Ndinawauza kuti akakawaletsa adzandiuze, ndidzapitako ndekha.